Kodi tikubereka kuposa makolo athu?

M'minibasi ya ku Area 25 kapena pamzere wa chimanga mumamveka mawu akuti: "Tachulukana, anthu akungobereka, dziko lino latha." Kuchulukako n'koona. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'Malawi muno, wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni.

Koma zoti tikubereka kwambiri kuposa kale si zoona. Kafukufuku wa zaumoyo wa 1992 anaonetsa kuti mayi mmodzi ankabereka ana pafupifupi 7. Pofika 2016 anali pakati pa 4 ndi 5. Chiwerengero chikukwera makamaka chifukwa makanda ambiri masiku ano akupulumuka ku chikuku ndi malungo. Mkhristu wokhulupirira kuti munthu analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu angatche bwanji zimenezi tsoka? Kuthithikana kwa ku Mtandire ndi Mgona mumzinda wa Lilongwe nakonso kwakula ndi anthu ochoka kumudzi kudzasaka ganyu.

Minda yachepadi, sitikana. Komabe wandale akamaloza chala azimayi obereka, kumukayikira n'koyenera. Njala ya 2002 isanafike, chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa kale, ndipo amene anachigulitsa si makanda.