Laibulale musamaiyese ndi kuwala kwa magalasi

Laibulale yatsopano ikatsegulidwa, anthu amaima panja n'kumati, "Koma ndiye yakongola!" Kuyamikira kumathera pomwepo, ndipo zimenezi zanditopetsa. Palibe wofunsa ngati pansi pa nyumbayo padzapirire mabuku, kapena ngati mabukuwo adzakhale akadali owerengeka pakatha zaka 30.

Muyezo ulipo kuyambira kalekale. Vitruvius, katswiri wa zomangamanga wa ku Roma amene analemba m'nthawi ya mfumu Augustus, anati nyumba yabwino ikhale yolimba, yogwira ntchito yake, ndiponso yokongola. Ife timathamangira chachitatucho.

Mabuku amalemera kuposa momwe ambiri amaganizira. Malamulo a zomangamanga a ku America amafuna kuti chipinda cha mashelefu a mabuku chizipirira makilogalamu pafupifupi 730 pa sikweya mita iliyonse, pamene ofesi wamba imangofunika 240. Ndiye wina amatenga nyumba yomangidwira maofesi, n'kudzaza mashelefu m'chipinda cham'mwamba injiniya asanawerengere kalikonse. Konkireti imayamba kupindika pang'onopang'ono, kudenga la chipinda chapansi kumatuluka ming'alu, zitseko zimayamba kukana kutseka. Mukaona zimenezi tsitsani mabuku tsiku lomwelo, muitane injiniya wovomerezeka. Mmisiri amene angakuuzeni kuti "tingomatapo pulasitala" akungobisa chilonda, ndipo mng'alu womatidwa sungakuchenjezeninso.

Chinyezi nachonso ndi mdani. Chikapitirira 65 peresenti kwa nthawi yaitali, nkhungu imamera pamapepala, ndipo buku lonyowa limatha kuyamba nkhungu m'masiku awiri kapena atatu okha. Fungo lachuku mukalimva, musadikire bajeti ya chaka chamawa. Yang'anani denga, mipope ya madzi yodutsa pamwamba pa mashelefu, ndi zipinda za pansi pa nthaka. Mtsinje wa Arno utasefukira mumzinda wa Florence ku Italy mu 1966, mabuku ochuluka a laibulale yaikulu ya kumeneko anamira m'matope m'zipinda zapansi.

Vitruvius yemweyo analangiza kuti laibulale iziyang'ana kum'mawa, kuti owerenga apeze kuwala kwa m'mamawa komanso mabuku asaole ndi mphepo yachinyezi. Iye ankanena za nyengo ya kwawo, choncho musangokopera. Funso lake ndi limene likugwirabe ntchito: dzuwa likugwera pa ndani, pa munthu kapena pa buku?

Apa m'pamene nkhani ya ku Paris imandiwawabe. Laibulale yaikulu ya dziko la France, imene mapulani ake anajambula katswiri wa zomangamanga Dominique Perrault, n'kutsegulidwa kwa anthu mu 1996, ili ndi nsanja zinayi za magalasi zooneka ngati mabuku otsegula. Mabuku anaikidwa m'nsanjamo, owerenga n'kutsitsidwa pansi. Dzuwa limafufutsa inki ndi kuumitsa pepala mpaka kumathetheka, ndiye panafunika kutchinga magalasiwo ndi matabwa mkati. Kumanga khoma loonekera, kenako n'kulitseka! Akatswiri oteteza mabuku anadandaula ntchito isanathe, koma chithunzi chinali chitakopa kale anthu. Katswiri wina wa zomangamanga, Louis Kahn, ku laibulale ya sukulu ya Phillips Exeter Academy ku America, anachita mosiyana: matebulo a owerenga ali m'mbali, pafupi ndi mawindo, mashelefu ali mkati motetezeka ku dzuwa. Kukongola kwa nyumba imeneyo kukuchokera pa kasanjidwe kameneka.

Za kagwiridwe ka ntchito, lowani ndi tepi yoyezera. Mpata wa pakati pa mashelefu usachepere masentimita 90, apo ayi wa pa njinga ya olumala sadutsa. Imani pa tebulo la wogwira ntchito muone ngati khomo likuoneka. Mvetserani ngati phokoso la chipinda cha ana likufika kwa amene akuwerengera mayeso. Kankhani ngolo yodzaza mabuku kuchokera pobwezera mpaka pa shelefu yakutali. Ikakumana ndi masitepe, wina azinyamula mabukuwo m'manja tsiku lililonse kwa zaka zonse nyumbayo iliko.