Tsala si malo opanda mwini

Mikangano ya pakati pa midzi ndi maesiteti kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi zambiri imayamba ndi chikalata chimene mfumu inasayina anthu ake osadziwa. Mwini kampani amachionetsa ngati umboni wakuti anagula. Komatu mfumu si mwini nthaka. Udindo wake ndi kusunga ndi kugawa malo m'malo mwa anthu ake, basi.

Vutoli ndi lakale. Lamulo la malo la 1965 linkalola nduna kutenga malo a makolo n'kuwapereka pa lizi, kutanthauza kuwabwereketsa kwa zaka zoikika, ndipo m'zaka za m'ma 1970 maesiteti a fodya anachuluka kudzera m'njira imeneyi. Chopweteka chinali chakuti lizi ikatha, malowo sankabwerera kumudzi, ankasanduka a boma. N'chifukwa chake lero mumapeza agogo akuloza mtengo wa mango umene anadzala amayi awo uli mkati mwa waya.

Lamulo la malo a makolo la 2016 linasintha zinthu. M'dera la gulupu aliyense mukuyenera kukhala komiti yoona za malo, ndipo mwa anthu 6 osankhidwa, osachepera 3 akhale amayi. Kuno kumene mabanja ambiri ndi a chikamwini, munda ukuyenda kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, mfundo imeneyi si yongokometsera. Banja lingathenso kulembetsa munda wake n'kulandira chiphaso, ndipo mkangano umayambira pabwalo la za malo la kwa T/A usanakwere kuboma.

Pamene ine ndimaona kuti midzi imagonja msanga ndi pa malo osalimidwa. Opima malo akafika m'chilimwe n'kupeza tchire, amalemba kuti palibe akugwiritsa ntchito. Chonsecho ndi tsala limene banja lagoneka kuti chonde chibwerere, kapena dambo lodyetsera ng'ombe, kapena nkhalango ya kumanda. Chipukutamisozi chimawerengera nyumba, mbewu ndi mitengo. Msipu ndi nkhuni zimaiwalika, ngakhale ndi zimene mudzi umadalira tsiku ndi tsiku.

Choncho mukamva kuti kwabwera ofuna malo olima mbatatesi kapena soya, itanitsani msonkhano wa mudzi wonse, eni mbumba alipo. Yendani m'malire limodzi ndi oyandikana nawo, madambo ndi matsala alembedwe mayina. Funsani kuti lizi ndi ya zaka zingati, mahekitala angati, ndipo mabikoni osonyeza malire aikidwa pati. Malonjezo a mjigo ndi ganyu alowe m'chikalata, kope lina likhale kwa komiti, lina ku ofesi ya bwanamkubwa.