Mu Chibuda, kulakwa sikutanthauza kuti zako zada

Ambiri amaganiza kuti mu Chibuda munthu akalakwa ndiye kuti karma, lamulo lakuti zochita za munthu zimakhala ndi zotsatira zake, yamugwira basi, chatsala n'kudikira chilango. Si zoona. Buddha anaphunzitsa kuti karma imachokera pa cholinga cha mumtima, ndipo zimene munthu achite mawa zikadali m'manja mwake.

Buddha analangiza mwana wake Rahula kulingalira asanachite chinthu, ali mkati mochichita, ndiponso atachichita. Akaona kuti zochita kapena mawu ake apweteka iye mwini kapena ena, aulule kwa mphunzitsi kapena mnzake wanzeru, kenako adziletse kubwereza.

Amonke a nthambi ya Chibuda yotchedwa Theravada, monga ku Thailand ndi Sri Lanka, amachita izi mwadongosolo. Kawiri pamwezi, mwezi ukakhala wathunthu ndi ukakhala mumdima, amaululirana zolakwa asanalakatule malamulo 227 a amonke otchedwa Patimokkha. Zolakwa 4 zokha ndi zimene zimachotsetsa munthu pa umonke: kugonana, kuba, kupha munthu, ndi kunama kuti wafika pa uzimu wapamwamba. Pa zolakwa zina 13 zikuluzikulu, mmonke amakhala pa mwambo wodzikonza usiku 6, kenako amonke osachepera 20 amamubwezeretsa. Akabisa cholakwacho, masiku onse amene anabisa amawonjezeredwa.

Chimene chimapweteketsa ambiri ndi kudziimba mlandu kosatha. Kudandaula zakale kuli m'gulu la zotchinga 5 zimene zimalepheretsa maganizo kukhazikika posinkhasinkha. Mtima umangobwerera pa chilonda, osafufuza gwero la cholakwacho, kaya linali dyera, chidani kapena kusazindikira.