Nsomba za m'mabotolo: mafunso a asodzi a ku Mtakataka ndi mayankho ake

Nthawi zina padoko pamafika alendo atanyamula mabotolo, makamera ndi timapepala. Amagula nsomba koma sakaziwotcha kapena kuzikazinga. Asodzi a kwa Kachindamoto akhala akufunsa za anthu amenewa, ndiye tayankha mafunso omwe amabwera kawirikawiri.

Kodi aliyense angatole nsomba zathu n'kupita nazo kunja?

Ayi. Wochita kafukufuku amayenera kukhala ndi chilolezo cha boma, kudzera ku National Commission for Science and Technology ndi ku dipatimenti ya zausodzi. Akafuna kutola m'dera la Lake Malawi National Park, yomwe idakhazikitsidwa mu 1980, apemphenso kwa oyang'anira malo osungira nyama. Dziko lathu lidalowa m'pangano la Nagoya mu 2014, ndipo panganoli limati phindu lochokera ku zamoyo za dziko ligawidwe ndi eni dzikolo. Choncho a komiti yoyang'anira zausodzi padoko (BVC), musachite manyazi kufunsa kuti: "Bambo, kalata yanu ili kuti?" Mlendo woona amaitulutsa osanyinyirika.

Akazitenga amatani nazo?

Poyamba amaijambula isanasinthe mtundu, chifukwa mbuna yowala ngati chitenje chatsopano imazilala ikangofa. Kenako amadula kachidutswa ka chipsepse n'kukaika mu ethanol (mankhwala a spiriti) kuti adzayeze DNA, yomwe imaonetsa mtundu ndi chibale cha nsombayo. Nsomba yonseyo amaiviika m'mankhwala a formalin kuti ilimbe osaola, kenako amaisamutsira mu ethanol momwe ingakhale zaka zambiri. M'botolomo mumalowanso kapepala kolemba malo, tsiku, kuya kwa madzi ndi dzina la wotola. Kapepalako ndiye mwini nkhani. Kakasowa, nsombayo yasanduka ndiwo wamba yosadyedwa.

Zimasungidwa kuti?

Zina zili kuofesi ya kafukufuku wa nsomba ku Monkey Bay. Zambiri zakalekale zili kunja: ku Natural History Museum ku London, ku Tervuren m'dziko la Belgium, ndi ku Makhanda ku South Africa. Nsomba zomwe John Kirk adatola ali paulendo ndi David Livingstone ndi zomwe Albert Günther adazipatsa maina a sayansi mu 1864, kuphatikizapo mtundu wina wa chambo. Zimapweteka ndithu kuti mwana wa ku Golomoti sangaone zimenezi pafupi. Ku Mua, m'nyumba ya Chamare, timasunga bwino zigoba za Gule Wamkulu. Nsomba zathu nazo zikadapeza nyumba yotero kuno kwathu.

Ife asodzi tipindula chiyani ndi nsomba yakufa?

Pamsika timangoti chambo, koma ndi mitundu itatu yosiyana, ndipo iwiri mwa iyo adailemba katswiri wa nsomba Ethelwynn Trewavas mu 1941 poyerekeza nsomba zosungidwazo. Popanda kudziwa kusiyana kwake, sitikadadziwa kuti mtundu uti ukutha. Mu 2018 bungwe la IUCN, loona zoteteza zachilengedwe padziko lonse, lidaika mitundu itatu yonseyi m'gulu la zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Lamulo lotseka nyanja kuyambira pa 1 Novembala lidachokera m'kafukufuku wotere: anthu adatumbula nsomba mwezi ndi mwezi n'kuona nthawi yomwe mazira akhwima. Chambo chachikazi chimafungatira mazira ndi ana ake m'kamwa, ndiye khoka likachikoka nthawi imeneyo, mwapha banja lonse. N'chifukwa chakenso kasawala, yemwe ndi ana a chambo, ndi woletsedwa.

Ndikakola nsomba yachilendo nditani?

Ijambuleni pafoni isanazilale, muike chala kapena bokosi la machesi pambali kuti kukula kwake kuoneke. Kumbukirani malo ndi tsiku, ndipo uzani mlangizi wa zausodzi wa m'dera lanu kapena a BVC. Osaipala mamba, osaitumbula, osaithira mchere. Ngati pali ayezi, ikanipo mpaka mlangiziyo afike.