Mchenga wa kunyanja umatha abale

Ndatopa nazo zoti mchenga wa m'mphepete mwa nyanja sutha, ati ungautape bwanji, madzi amaubwezeretsa okha. Zanenedwa zaka ndi zaka kuno ku Dedza, makamaka kumunsi ku Mtakataka uko. Mchenga umabwera ndi mitsinje komanso mafunde, ndiye tikamatapa wambiri kuposa umene ukufika gombe limadyeka basi, ngakhale kuzilumba za kunyanja yamchere zimatero. Mutha kuyeza nokha, khomani chikhomo pamtunda polimba, muziyeza ndi tepi mpaka pomwe udzu wathera, mwezi womwewo chaka chilichonse poti nyanja yathu imakwera mvula ikamatha n'kutsika m'chilimwe, mukayeza miyezi yosiyana musokonezeka. Chonde, za mchenga wosathazi musamazitumize pa WhatsApp musanayeze.