Kutupa pambuyo pochotsa bere si umboni wakuti khansa yafalikira

Pali mphekesera yakuti khansa ya m'mawere ikangokhudzidwa ndi mpeni imafalikira thupi lonse. Anthu akaona mayi watupa pachilonda atachotsedwa bere, amati umboni wake ndi umenewo. Limeneli ndi bodza, ndipo likuthawitsa amayi ena opaleshoni yomwe ikanawapulumutsa.

Nthawi zambiri kutupako ndi madzi odikha pamene panali bere, omwe madokotala amawatcha seroma. N'chifukwa chake amasiya kapaipi kotulutsa madziwo. Kapaipiko amakachotsa madzi akachepa kufika pafupifupi mamililita 30 pa tsiku, kawirikawiri pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Akadzadzanso, amakawapopa ndi jakisoni kuchipatala. Chonde, osatemapo mphini.

Mkono nawonso ungatupe, ngakhale patapita miyezi kapena zaka, ngati anachotsa tizigawo ta m'khwapa tija timatupa tikamati mwanabere, chifukwa madzi a m'thupi sayendanso bwino. Koma kuusunga mkono osaugwedeza kumangoumitsa phewa. Kulimbitsa thupi mopepuka kumayamba tsiku lotsatira opaleshoni: kufumbata ndi kutambasula dzanja, kupinda chigongono, kuzunguliza mapewa. Kusinja ndi kunyamula ndowa ya madzi kudikire masabata 4 mpaka 6.

Bere lopangidwanso ndi madokotala m'malo mwa lochotsedwalo, kaya ndi kathumba kofewa ka silikoni kapena mnofu wochokera pamimba kapena kumsana, silibweretsa khansayo kachiwiri. Limachita dzanzi chifukwa mitsempha inadulidwa.

Thamangirani kuchipatala ngati chilonda chafiira, chikutentha, chikutuluka mafinya, thupi latentha, kapena mwakhudza kachotupa kolimba pachipsera.