Musanamuphe, mujambuleni kumimba

Mvula ikangoyamba kuno ku Harare, foni yanga sipuma. Achibale a ku Mbare, Mufakose ndi Mabvuku amanditumizira zithunzi za akangaude pa WhatsApp, funso n'limodzimodzi: "Ameneyu ndi waululu?" Vuto n'lakuti kangaudeyo amakhala ataphwanyidwa kale ndi patapata, kwangotsala miyendo.

Choyamba ndimawerenga miyendoyo. Kangaude ali nayo 8. Mukaona ngati ilipo 10, kachilomboko kali ndi ubweya, nsagwada zazikulu, ndipo kakuthamanga ngati kapenga, chimenecho ndi chichotsamfumu. Iwiri yakutsogoloyo si miyendo, n'zofufuzira njira. Chikaluma chimapweteka, koma ululu chilibe, ndipo ukonde sichiluka. Chikamakuthamangirani masana chimangofuna mthunzi wanu.

Amene ndimafuna kumuona bwino ndi kangaude waululu wa mimba yobulungira ngati batani, wotchedwa Latrodectus geometricus. Amakonda kunsi kwa mipando ya pakhonde, m'mafelemu a mawindo ndi kuseri kwa zidebe. Chithunzi cha kumsana sichindiuza zambiri, chifukwa ena ndi otuwa, ena oderako. Chizindikiro chake chili kumimba: kadontho kofiira kopyapyala pakati ngati mtondo. Muvindikireni ndi tambula ya galasi, lowetsani pepala pansi, akakwera m'mbali mujambule mimbayo. Yang'ananinso pa ukonde wake. Kathumba ka mazira kakakhala ndi timinga ngati chipatso cha nsatsi, ndi iyeyo basi. Msuweni wake wakuda, waululu kuposa uyu, kathumba kake n'kosalala ndipo kufiira kwake kumakhala kumsana.

Kangaude wafulati uja wokhala kuseri kwa kalendala musiyeni, akukudyerani udzudzu.

Pojambula ikani bokosi la machesi pambali kuti ndidziwe kukula kwake, ndipo nenani kumene mwamupeza. Ngati foni ingathe, jambulani maso. Akangaude ambiri ali ndi maso 8, koma Loxosceles, amene bala lake limatha kunyeka, ali ndi 6 okhala awiriawiri.

Ngakhale zili choncho, nthawi zambiri chithunzi chimandifikitsa pa banja la kangaudeyo, osati dzina lake lenileni. Mitundu yodziwika inakwana 50,000 mu 2022, ndipo yambiri imasiyana pa ziwalo zoberekera zimene zimaoneka pa maikulosikopu pokha. Ntchito imeneyo amagwira ku Natural History Museum ku Bulawayo.

Ngati wina walumidwa ndipo akutuluka thukuta, m'mimba ndi minofu zikukokana, musadikire yankho langa. Pitani naye kuchipatala, chithunzicho mukaonetse komweko.